Miluza Yopanda Pakamwa ya Mwalimu Kombo

9 Meyi

Boti silinabwerenso. Mphepo ya kummwera, Kusi, yakula, nyanja thovu lokhalokha mpaka polekezera maso. Faki mwini boti akuti injini yake sangaiike m'madzi otere ngakhale atamulonjeza ng'ombe. M'botimo ndi mmene muli zonse: mafuta a jenereta, sopo, mankhwala oumitsira miluza. Botolo la kuno latsala timadontho pansi.

Pasiteshoni ya kafukufuku pano anthu awiri basi, ine ndi Bi Mboja ophika. Zipinda zina zokhoma. Anzanga anabwerera ku Unguja, kuchilumba chachikulu, Ramadani isanayambe. Ine ndinatsalira nungu za m'nyanja, chifukwa nyengo yake yoikira mazira ndi ino. Ikandiphonya ndiye chaka chamawa.

Bi Mboja abwera nazo ndowa yodzaza madzi ataphwa. Zonenepa, minga yaifupi yoyera. Akuti mpaka lero sakumvetsa chimene ndimazivutitsira m'malo mozidya. Ndawafotokozeranso. Mluza wa nungu umayamba ngati kampira, kopanda kutsogolo kapena kumbuyo. Kenako mbali imodzi imabooka n'kukhala pakamwa. Imene imalamula mbaliyo kuti ibooke ndi jini, kalangizo ka chibadwa ka m'thupi. Ukaitseka jiniyo ndi mankhwala, pakamwa sipabooka. Anatulukira zimenezi ndi Mwalimu Kombo, aphunzitsi anga, ali achinyamata, akuphunzira kunja. Yanga ine n'kubwereza, kujambula bwino, kulemba, digiri.

Iwo amvekere: “Majini ine ndimawadziwa, amakhala mu mlambe wa kumanda. A m'kambalewa ndi a inu ophunzira.”

Mwana wanga Ilham ndamusowa kwambiri lero. Sindinaimbe. Mayunitsi ochepa.

11 Meyi

Mazira ambiri, achikasu, abwino. Ndawasakaniza ndi umuna m'mawa. Timbale tina madzi a m'nyanja okha, tina tothira mankhwala otseka jini. Mankhwalawo ndizisintha m'mawa uliwonse.

Ludzu la kusala. Pofika masana manja amanjenjemera, madontho kugwera pambali. Jenereta tikuyatsa pang'onopang'ono kuti mafuta afike patali, ndiye firiji imangozizira mwa apo ndi apo.

Kufutulu, pomasula kusala madzulo, chinangwa chophika ndi kokonati, zipatso za tende ziwiri, tiyi wa jinja. Bi Mboja anandifunsa ngati Mwalimu ndi achibale. Ndinati ndi amalume ake a Vuai mwamuna wanga, alongo awo a apongozi anga. Anangoti ooo, n'kupitiriza kutafuna.

Sadziwa zambiri. Nditabereka Ilham apongozi anati sukulu yakwana. Vuai anangoti zii. Ndi Mwalimu amene anabwera, kukhala pakhonde tsiku lathunthu, kumwa khofi wawo wonse, mpaka apongozi anatopa n'kuvomera. “Mwanayu ali ndi manja a labu, musamutsekere kukhitchini.” Mawu amenewo ndi amene anandifikitsa pachilumba pano. Lero ndikawakumbuka sindidziwa kuti ndithokoze kapena ndilire.

13 Meyi

Zatheka. Miluza ya m'madzi okha yatulutsa timikono, ikusambira, pakamwa poonekeratu. Ya m'mankhwala yozungulira ngati mabelu, katumbo kangoima pakati kosafika paliponse, timafupa take topindikapindika. Wa pakamwa palibe ngakhale umodzi. Ndendende zithunzi za Mwalimu zimene ndakhala ndikuziona kuyambira chaka choyamba.

Ndinavina ndekha m'labu, nditasala chonchi.

Lamulo lake n'lakuti tsiku lachiwiri lino uiumitse yonse, uisunge m'timabotolo. Choumitsira ndilibe. Timadontho tija tangokwana kambale kamodzi. Ina yonse ndangoijambula.

Bi Mboja akuti ndikakhuthulire kunyanja ndipume. Ndalephera. Ikadali kuzungulira m'madzimo. Ndiisiya, ndizingoisinthira madzi ndi mankhwala mpaka ife yokha, kapena mpaka Faki alimbe mtima.

16 Meyi

Sindikudziwa ndilembe bwanji.

M'mawa ndinatenga kambale ka m'mankhwala kuti ndione ngati yafa. Sinafe. Ndinaika dontho pa maikulosikopu. Woyamba kudutsa unali ndi kadzenje mbali imodzi, katumbo katapindikira komweko mpaka kukhudza. Ndinati maso a njala. Ndinasamba kumaso, kubwerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu kadzenjeko katabooka kale, titsitsi tikukupizira madzi mkati.

Pakamwa.

Ndinaona chizindikiro cha pakambale kuti mwina ndasokoneza. Sindinasokoneze. Timafupa topindika tili pomwepo, kusonyeza kuti mankhwala anagwira. Timbale tonse totsala chimodzimodzi. Pafupifupi mluza uliwonse.

Ndiye kuti kutseka jiniyo sikuletsa pakamwa. Kumangochedwetsa. Pali china chimene chimadzatsiriza ntchitoyo pambuyo pake, ndipo palibe anachionapo chifukwa aliyense amaumitsa tsiku lachiwiri.

Ndakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. Chisangalalo chinabwera kaye, chachikulu, cha mwana. Kenako nkhope ya Mwalimu.

Sindinadye bwino. Bi Mboja akuti kapena ndili ndi pakati. Ndaseka mpaka misozi, kenako misoziyo sinafune kuleka.

17 Meyi

Ndakwera pathanki ya madzi, pokhapo pamene foni imagwira. Mphepo kufuna kundichotsa mpango.

Mwalimu anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenako anaseka, kuseka kwawo kwachifundo kuja. “Mwanangu, mankhwala ako apsa ndi kutentha. Firiji yozimazima, ukuyembekezera chiyani?” Akuti zimachitika, nawonso zinawapusitsapo zinthu zambiri ali wamng'ono. Nditenge zithunzi za tsiku lachiwiri, zinazo ndithire kunyanja.

Anandikumbutsanso za mwambo. Idi, chikondwerero chotsekera Ramadani, ikangotha akupuma pantchito. Kubwera azungu amene amathandiza siteshoni ino, akuluakulu a ku yunivesite, banja lonse. Akufuna ine ndiimirire kutsogolo ndionetse zithunzi zatsopano za ntchito yawo yakale. Akuti palibe wina amene angamusankhe.

Ndinati chabwino Mwalimu. Nanga n'kutinji.

Mwina akunena zoona. Firiji inkazimadi. Ndikufunitsitsa atakhala kuti akunena zoona.

Kwatsala kabotolo kamodzi ka ufa wa mankhwala otseka jini, kosatsegula, kosasungunula. Ufa suonongeka msanga. Mwezi ukhala wathunthu mawa, nungu zidzaza mazira. Ndibwereza. Ndizisungunula wa tsiku limenelo lokha.

Ija sindinathire kunyanja.

20 Meyi

Ndayambiranso dzulo. Mafuta a jenereta onse ndapereka kwa firiji. Madzulo tikhala ndi koloboyi. Bi Mboja akuti nungu zayamba kulamulira pakhomo pano kuposa anthu.

Vuai waimba. Moni wake wamfupi. Akuti amalume anakafutulu kunyumba, n'kutchula moseka kuti ine Zuwena ndikulimbana ndi mankhwala oola. Iye sanaseke. “Iwe, munthu amene anakuimirira tonse titakhala chete, ukufuna ukamuvule pamaso pa azungu?” Ndinati sindikuvula munthu, ndikungoona zimene zili m'kambale. Akuti m'kambale mulibe banja.

Pomaliza, ngati waiwala, anati Ilham anatentha thupi sabata yatha, anagona kuchipatala, pano ali bwino. Sabata yatha. Palibe anandiuza. Akuti amayi anati asandisokoneze ndi maphunziro anga.

Ndinapempha kuti ndimumve mawu. Anali atapita kwa anansi.

Ndatsika pathanki.

22 Meyi

Ndinapita kumudzi wa asodzi kuseri kwa chilumba. Ndinawapempha andiwolotse pa ngalawa ya matanga, ndikaone mwana ndibwerere. Mkulu wawo anangondilozera nyanja. Ngalawa zonse zili pamchenga, zomangirira ku mitengo ya kokonati. Wina anati akandiwolotsa ndiye tikafutulu ndi nsomba pansi pa madzi. Anzake kuseka. Anandipatsa nsomba zouma ziwiri kuti ndisabwerere chimanjamanja.

Pobwera ndinazungulira chilumba chonse m'mbali mwa gombe, kungofuna kuyenda. Sichichedwa kutha. Ukangoyamba wafika kale pamene unayambira.

Miluza yatsopano dzulo inali yopanda pakamwa, timafupa topindika. Monga m'buku. Ndikupemphera ikhale choncho. Munthu wa sayansi kupempherera zotsatira, m'mwezi woyera. Mulungu andikhululukire.

24 Meyi

Yabooka.

Mankhwala atsopano, ozizira, osungunula tsiku lomwelo. Yabooka ndithu.

Ndinathira ndere zofiira zimene timadyetsa ana a nungu. Posapita nthawi timimba tonse tofiira. Ikudya. Ndajambula kanema. Ija yoyamba nayo ikadali moyo, yayamba kutulutsa timikono tokhota.

Ndaitana Bi Mboja adzaone. Anatsinzina diso limodzi, kuyang'ana nthawi yaitali, n'kuti akuona utitiri wa nkhuku ukusambira. Anafunsa ngati ndi nkhani yabwino kapena yoipa. Ndangozimitsa maikulosikopu.

Njira ndikuziona ziwiri zokha. Kuonetsa zithunzi za tsiku lachiwiri. Si zabodza, ndinazijambula ndekha. Digiri, mwambo, Mwalimu akumwetulira, apongozi atakhala mzere wakutsogolo. Ndiye moyo wanga wonse kuphunzitsa ana chinthu chimene ndinaona ndi maso anga kuti si choncho. Kapena kunena, n'kukhala mkamwini amene analuma dzanja lomudyetsa.

Sindinaimbire aliyense.

26 Meyi

Bi Mboja akhala akundizungulira kuyambira dzulo, kutsuka mbale zotsuka kale. Lero anena. Mwana wa mchemwali wawo amagulitsa mandazi mumsewu wa kwathu ku Unguja. Akuti apongozi ayamba kupitapita kunyumba ya Bwana Khatibu wogulitsa nsalu, atanyamula haluwa, chakudya chotsekemera chija cha pamaukwati. Kumeneko kuli mwana wamkazi, Shuwekha, wophunzitsa ku madrasa, wosakwatiwa. Ulendo wina anapita ndi Ilham.

“Mkazi wachiwiri sabwera ndi ng'oma, mwanangu. Amayamba ndi mbale ya haluwa.”

Iwo zinawachitikira. Akuti anamva kumsika, kwa munthu wogula tomato.

Ndinakwera pathanki kuti ndimufunse Vuai. Nambala ndinaipeza, osadina. Akati ndi zoona nditani, ndili pano? Akati ndi zabodza ndikhulupirira?

Ndasintha madzi m'timbale. Ndachapa. Zovala sizikuuma, mchere wokhawokha. Tsitsi likuthothoka.

29 Meyi

Ndinadzuka kuli zii. Mitengo ya kokonati itaima njo. Kusi yagona.

Chakumasana phokoso la injini. Ndinathamangira kugombe wopanda nsapato. Faki, migolo ya mafuta, makatoni. Ndi munthu wa kanzu, mkanjo woyera, atakhala pakati. Mwalimu.

Sanandiuze kuti abwera. Aonda. Magalasi akuda. Potsika Faki anawagwira chigongono, iwo n'kumapalasa ndi phazi kufuna mchenga. Ndinawapatsa moni waulemu wa shikamoo, anayankha akuyang'ana pambali panga pang'ono. Ndinati ndi chizungulire cha m'boti.

Abweretsa tende za ku Omani ndi chithunzi chimene Ilham anajambula, mayi wa miyendo yaitali ataima pamwala. Za apongozi sanatchule. Ine sindinafunse.

Pofutulu anatambasula dzanja kufuna kapu n'kugwira mbale ya phala. Bi Mboja anawasunthira kapuyo mwakachetechete.

Faki akuti bata ili ndi la masiku ochepa. Akufuna kubwerera lisanathe. Ikadzukanso Kusi, mpaka Idi itadutsa.

Mwalimu akuti mawa m'mawa ndiwaonetse utitiri wangawo. Bi Mboja anali atawauza kale dzinalo.

30 Meyi

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale.

Analowa m'labu, kupapasa mpando, kukhala. Ndinayatsa maikulosikopu n'kuikapo kagalasi ka dontho la madzi okha, kuti ndikonze kuwala kaye. Ndikutembenuka kuti nditenge kambale, iwo anali atavula magalasi, aika kale maso. Kupotokola uku, kupotokola uko. Kenako anati, “Eya. Monga ndinanenera. Yozungulira, yopanda kanthu.”

Ndinaima ndi kambale m'manja. Ndikanatha kukhala chete. Mulungu akudziwa kuti ndinaganizako.

Ndinati, “Mwalimu, sindinaikepo mluza. Ndi madzi okha.”

Sanasunthe. Jenereta yokha kulira panja. Patapita nthawi anadzutsa mutu, kupukuta maso ndi mpango. Shuga. Akuti pakati pa chilichonse chimene ayang'ana pali chibanga chakuda, amangoona za m'mbalimbali. Chaka chachiwiri tsopano. Mapepala amawawerengera mlembi wawo. Kunyumba sadziwa, ngakhale mlongo wawo. N'chifukwa chake akupuma. N'chifukwa chake amafuna ine ndikaime kutsogolo.

Kenako anadzuka pampando, kundipatsa. “Khala. Ndiuze iwe zimene zilipo.”

Chilichonse chimene ndikananena akanachitenga. Palibe wina m'chipindamo woona. Ndinaika dontho, kuyang'ana, n'kuyamba kunena. Katumbo kapindikira mbali imodzi. Kakhudza khungu. Pabooka. Titsitsi tikukupiza.

Anayamba kundifunsa ngati pa mayeso. Mbali iti. Timafupa tili bwanji. Mankhwala ndinkasungunula liti, madzi ake otani, ndi ingati imene yatero. Ndinayankha zonse. Mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene ndinamudziwa m'kalasi kale, wofunsa mothamanga, wosadikira kuti umalize. Ndinaika kanema uja pakompyuta, kukulitsa mpaka mluza umodzi kudzaza galasi lonse. Anatembenuza mutu cham'mbali ngati nkhuku yoona kabawi. Kufiira kwa m'mimba anakuona.

“Ikudya,” anatero. Kawiri.

Anatuluka. Ndinawaona pawindo atakhala pa ngalawa yakale yogubuduzika, nkhope kunyanja. Mpaka nthawi ya pemphero la masana. Ine m'labu, osadziwa choti ndigwire.

31 Meyi

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

Anandiitana pakhonde m'mawa. Akuti iwo ankaumitsa tsiku lachiwiri chifukwa aphunzitsi awo ankatero, ndipo palibe anaganiza zodikira chinthu chimene aliyense amati chifa ndi njala. Ananena mosadandaula, ngati za munthu wina.

Koma akuti kawiri sikokwanira. Aliyense adzanena zimene iwo ananena pafoni, kuti mankhwala anapsa. Pafunika kachitatu, kuumitsa tsiku lililonse, kupaka utoto wosonyeza kuti jini ikadali yotseka pamene pakamwa pakubooka. Choumitsira chafika tsopano. Nungu zatsala ndi mazira a ulendo umodzi, madzi akaphwa kwambiri mwezi ukamaoneka. Ndiye kuti Idi kuno. Tsiku la mwambonso ndidzakhala ndili kuno.

Kapena ndikwere nawo mawa. Ndikaonetse zithunzi za tsiku lachiwiri, adzasaina digiri, nkhaniyi sadzaitchulanso kwa munthu. Akuti sadzandiona woipa.

Mwambo sauimitsa. Azungu agula kale matikiti, ndipo siteshoni ikufunika denga. Ndikatsala, wina adzaonetsa zithunzi zakale.

Ndinafunsa kuti iwo akufuna chiyani. Anati funso limenelo ndisawafunse, chifukwa ayankha ngati nkhalamba yamantha.

Ndinafunsa za haluwa. Sanakane. Kenako anati, “Kwa mlongo wanga ndinakuyankhulira kamodzi ndili ndi mphamvu. Ukatsala, ulendo uno sindingathe. Usadalire ine.”

Ndalongedza chikwama. Ndamasula. Ndalongedzanso. Mankhwala otseka jini atsala pang'ono m'kabotolo kotsegula kale, mwina timbale tochepa. Kutaya nyumba chifukwa cha timbale tochepa.

Masabata onsewa ndakhala ndikulirira boti.

1 Juni

Ndinanyamula chikwama mpaka kugombe. Faki anali atakweza kale Mwalimu. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo. Faki anatambasula dzanja, akuti changu achemwali, mitambo yayamba kummwera.

Ndinamupatsa kaphukusi ka Ilham kokha. Zigoba zimene ndakhala ndikumutolera, ndi chitenje changa chobiriwira cha kanga kuti azifunda. Chikwama ndinatsala nacho pamutu. Faki anandiyang'ana, kuyang'ana Mwalimu, n'kukoka chingwe cha injini. Mwalimu sanatembenuke. Sindikudziwa ngati anadziwa kuti sindinakwere, kufikira Faki atawauza.

Ndinabwerera kulabu ndi siketi yonyowa. Potsegula firiji kuti ndiike choumitsira, kuseri kwa mabotolo anga kuli kanthu kokulunga mumpango woyera wonunkhira zofukiza za udi. Kabotolo ka ufa wotseka jini. Katsopano, chidindo chake chosadula. Mwalimu anabwera nako m'thumba la kanzu kuchokera ku Unguja, asanamve n'komwe za kubooka kwachiwiri. Anakaika liti, anaipeza bwanji firiji ndi maso amenewo, sindikudziwa.

Chakumadzulo ndinakwera pathanki. Vuai anamva zonse osandidula. Anati, “Ndamva.” Basi. Kenako anapereka foni kwa Ilham.

Mawu ake akula. Anafunsa ngati ndili m'boti. Ndinati ayi mayi, ndibwera boti linalo. Anafunsa kuti nanga amuluka ndani tsitsi la Idi. Ndisanapeze choyankha ndinamva mawu a mkazi chapafupi naye, mawu ofatsa, achitsikana, amene sindinawamvepo. Anati usadandaule, ndikuluka ine.

Ilham anati chabwino, n'kuthamanga. Foni inakhala yotsegula kanthawi, ndikumva mbale zikugundana m'khitchini mwanga.

Ndinakhala pamwambapo mpaka kuitana kwa pemphero kunamveka kumudzi wa asodzi. Mphepo itayambiranso. Bi Mboja anabwera pansi pa thanki ndi tende m'dzanja. Anangogwira makwerero mpaka ndinatsika.